Tsiku Lomwe Ndinakweza Saidi pa Mafoloko

Chelstone, ufulu utangobwera

Ana anga, za ubwana wanga sindilemba. Munazimva kale kwa azakhali anu, ndipo iwo amazithira mchere kuposa ine. Ndiyambira pomwe ndinayamba kudya thukuta langa. Dziko litangolandira ufulu, ine Lazalo Daka ndinali mnyamata wa ku Kabwata mu Lusaka, wa sukulu yoperewera, koma ndinali ndi laisensi yoyendetsa thirakitala, chifukwa ndinakhalako pafamu ina kunja kwa tauni ndikukoka ngolo za chimanga. Laisensi imeneyo ndiyo inandilowetsa pakampani ina yaing'ono yomanga nyumba. Mwini wake anali Mtaliyana, munthu wokalipa ndi pakamwa ndi manja omwe. Dzina langa silinamukhale pakamwa mpaka tsiku lomwe anachoka m'dziko muno. Ankangokuwa kuti "Talakita!" ine n'kuthamanga.

Tinayambira ku Chelstone, komwe nthawi imeneyo kunali fumbi ndi udzu, nyumba zofanana zikumangidwa m'mizeremizere. Thirakitala yanga inali ndi mikono iwiri kutsogolo, ndipo kumapeto kwa mikonoyo kunali zitsulo ziwiri zazitali zomwe tinkati mafoloko. Ntchito yake inali kupisa pansi pa paleti, lija thandala la matabwa losanjikapo njerwa kapena matumba a simenti, n'kunyamula kukapereka kwa amisiri. Munthu sankakwerapo ayi. Mtaliyana akakupeza utaima pa mafoloko, ngakhale mongosewera, unkatukwanidwa m'zilankhulo zitatu mpaka nthawi yoweruka. Masikafodi achitsulo tinali nawo okwanira, ndipo aliyense wogwira ntchito m'mwamba ankaima pansanja yomangidwa bwino. Ndinkamuda mzungu uja chifukwa cha kamwa lake, koma pankhani iyi yokha anali ndi mutu.

Woodlands, chapakati pa zaka za m'ma 1970

Zinthu zinayamba kusowa pang'onopang'ono, monga mano amathera m'kamwa: lero limodzi, mawa lina, kenako ungozindikira kuti chimanga chokazinga chakukanika. Misomali inasowa, magalasi anasowa, simenti tinkachita kuidikira. Kunyumba nako amayi anu, Agnesi, ankalawirira kukaima pamzere wa mafuta ophikira ndi sopo, nthawi zina n'kubwerako chimanjamanja. Mtaliyana anagulitsa kampani kwa bwana wina wa konkuno, amene ankabwera kuntchito atavala suti ndipo sankatsika m'galimoto. Masikafodi athu anayamba kuchepa. Ena anabedwa, ena anadyedwa ndi dzimbiri, koma ambiri ndinawanyamula ndekha pangolo kupita nawo kufamu ya bwanayo, komwe anakasanduka khola la nkhumba. Nkhumbazo zinagona bwino, ife n'kutsala tikuyang'ana makoma aatali opanda chokwerera.

Nzeru yokweza anthu pa mafoloko inabwera ndi ba Zulu, kapitao wathu. Anali munthu wakwathu ku Chipata, wa mpingo wathu wa Katolika ku Kabwata, wamkulu kwa ine, ndipo ndi iwo amene anandipezera nyumba yomwe ambiri a inu munabadwiramo. Anati ngati thumba la simenti likwera, munthu angalephere bwanji? Tinasankha paleti yolimba, tinaimangirira ku mafoloko ndi tcheni, basi nsanja yathu inali yomweyo. M'mbali munalibe chogwira. Pamwamba pankakwana anthu awiri okha ndi zida zawo, pansi pali njerwa zosweka ndi zitsulo zongoti njo. Ntchito inkathamanga, sindikana, ndipo bwana anakondwa. Koma ndikaona anyamata a masiku ano atavala zisoti ndi malamba ndimangopukusa mutu, chifukwa ife tinkakwezana ngati katundu.

Popeza palibe amene anatiphunzitsa, tinadzipangira tokha malamulo, ndipo tinkawasunga kuposa malamulo khumi aja. Lalikulu linali lakuti munthu akakhala m'mwamba, dalaivala sachoka pampando, kaya njuchi zimulume, kaya m'mimba mutsegule. Wokwera ndiye anali mwini mawu, osati kapitao, ndipo poti injini inkasokosa tinkalankhulana ndi manja: chala m'mwamba ndiye kuti kweza, chikhatho choyang'ana pansi tsitsa, nkhonya ima. Chinatikakamiza kukhwimitsa chonchi ndi matenda a thirakitalayo. Mphira za m'kati mwa mikono zinatha, zatsopano kunalibe, mafuta n'kumadontha. Ukasiya mafoloko m'mwamba ankatsika okha pang'onopang'ono, ndiye ndinkayenera kumakhudza liva yokwezera kawirikawiri kuti abwerere pamalo. Pokweza livayo inkamvera, koma potsitsa inalibe ulemu. Ukaikankha mopitirira pang'ono chabe, mafoloko ankagwa nthawi imodzi, phi, ndipo zimenezi zinkachitika ngakhale injini itazima. Mankhwala ake anali mtengo wa bulugamu wokhala ndi mphanda kunsonga. Munthu akafika pomwe akufuna, tinkachirikiza mkono wa thirakitala ndi mphandayo, kuti kaya mafuta athawe kaya dzanja langa literereke, munthu asafike pansi.

Okwerakwera kwambiri anali awiri. Woyamba anali Chanda, wopenta, Mbemba wa ku migodi, mbuya wanga. Mukudziwa mmene ife a Kummawa ndi Abemba timanyozerana popanda kukwiyitsana, ndipo n'chifukwa chake timatchana mbuya. M'mawa uliwonse ankandifunsa ngati ndadya mbewa zingati, ine n'kumufunsa ngati anyani atsalako kwawo kapena anawadya onse. Ndinkamukonda munthu uja, koma kamwa lake linalibe chitseko. Wachiwiri anali Saidi, kalipentala, Msilamu amene bambo ake anachokera ku Malawi kalekale. Saidi anali wofatsa mopitirira muyeso. Mowa sankamwa nafe, chakudya ankabwera nacho chake m'kambale, Lachisanu masana ankasamba n'kuchoka, ndipo ukamufunsa kanthu ankayamba wakuyang'ana kaye asanayankhe. Ntchito yake inalibe pogwira, koma za mumtima mwake palibe ankazidziwa.

Masiku amenewo chipani chinali chimodzi, ndipo munthu ukafuna kudandaula za unga kapena za boma unkayamba wacheuka. Tinkaopa mashushushu, anthu omwe ankamvetsera zokamba anzawo n'kukanena kwa akuluakulu. Shushushu analibe yunifomu. Ankatha kukhala mnzako wa pamowa kapena woimba naye kwaya. Ndiye anyamata anatulukira kuti malo okhawo olankhulirapo momasuka ndi pa mafoloko, chifukwa phokoso la injini linkameza mawu onse. Ine pansipo ndinkangoona milomo ikugwedezeka, osamva kanthu.

Kabulonga, chaka chomwe Mariya anabadwa

Tinapatsidwa ntchito yomanga nyumba yosanja ya mmodzi wa apamwamba, amene dzina lake sindilemba ngakhale anamwalira kalekale. Tauni yonse inalibe simenti, koma kumeneko inkabwera pamalole, ndipo pachipata panali mlonda wosaseka ndi munthu. Chanda zinamuwawa. Tsiku lina ndinamukweza limodzi ndi Saidi kumbali ya kummawa, wina akupenta, wina akukhoma matabwa a m'mphepete mwa denga. Ndinaona Chanda akuloza nyumbayo ndi bulashi, kenako kuloza cha kutauni, kamwa likungoyenda. Saidi sanaseke. Anangopitiriza kukhoma, mutu uli pansi.

Sabata yomweyo kunabwera galimoto yoyera yopanda chizindikiro, n'kutsikamo amuna awiri ovala bwino. Anamuitana Chanda ndi maina ake onse, mwaulemu ndithu, n'kunena kuti akufuna awathandize pang'ono. Anasiya bulashi ili m'chitini cha penti. Mkazi wake anazungulira mapolisi onse a mu Lusaka, ndipo kulikonse ankamuuza kuti munthu wotero sakumudziwa. Paja amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.

Pantchito panagwa chisanu. Anthu anasiya kuyang'anana m'maso, ndipo pakudya masana aliyense ankangomva kutafuna kwake. Koma sipanatenge nthawi kuti zala zonse ziloze kumodzi. Ndani anali m'mwamba ndi Chanda? Ndani amasowa Lachisanu lililonse, ndipo ndani anamutsatirapo n'kuona kuti amapitadi kumzikiti? Wina anati munthu wa mapepala okayikitsa ngati ameneyo, aboma akangomugwira pakhosi amaimba nyimbo iliyonse yomwe afuna. Wina anati anamuona ku Northmead akulankhula ndi munthu wa m'galimoto. Kuti Chanda ankabwebweta zomwezo m'mabala onse a mu Kabwata, palibe anafuna kukumbukira. Ine ndemwe ndinkamukayikira Saidi. Kufatsa kwake komwe kale ndinkati ndi ulemu kunayamba kundionekera ngati kubisa, ndipo akandipatsa moni ndinkafufuza chomwe chili kuseri kwa moniyo.

Lamulungu titatuluka m'Misa, ba Zulu anandikokera pansi pa mtengo kuseri kwa tchalitchi. Anayamba ndi kufunsa za mwana wathu wakhanda, za denga la nyumba ngati likudonthabe, ndipo ndinadziwa kuti galu wamkota sakandira pachabe. Kenako anatsitsa mawu n'kundiuza kuti mawa Saidi akwera yekha kukamanga mtanda waukulu wa khonde la m'mwamba, ndipo anyamata onse agwirizana kale.

"Sitikuti umuphe, Lazalo. Ungomugwedeza pang'ono, adziwe kuti tadziwa, azipita. Thirakitala yako aliyense adziwa kuti ni yodwala, palibe azakufunsa. Wako ni wako, mwana wakwathu. Chanda ni wathu, nanga uja ni ndani?"

Ndinawauza kuti liva imeneyo ilibe pang'ono, kuti munthu akagwa kuchokera pamenepo ndiye kuti msana wapita kapena maliro. Iwo anayankha kuti ngati ndili ndi mantha ndingodwala mawa, iwo thirakitala amaitha. Zinali zoona, ankaiyendetsa ine ndikakhala patchuthi. Anamaliza ndi kundifunsa, akumwetulira, kuti kodi n'chifukwa chiyani ndikumumvera chisoni chotere shushushu.

Ndinapita kunyumba ndikusinkhasinkha. Ndikakana poyera, dzina la shushushu ligwera ine, ndipo pampando pakhala ba Zulu. Ndikadwala, chimodzimodzi. Kukamuchenjeza Saidi ndinakuganizira, nyumba yake sinali kutali, kuseri kwa msika chabe. Koma bwanji ngati analidi shushushu? Ndiye kuti ndapereka ba Zulu ndi anyamata onse m'manja mwa anthu a galimoto yoyera, ndi ine ndemwe pamodzi. Amayi anu sindinawauze kanthu. Anandifunsa chomwe ndinkasiyira chakudya, ine ndinati ndi kutentha.

Lolemba lake

Ndinafika m'mamawa kuposa aliyense n'kuyang'ana thirakitala paliponse, mapaipi a mafuta, tcheni, matabwa a paleti, chifukwa sindinkakhulupiriranso munthu. Zonse zinali bwino kupatula chimodzi: mphanda panalibe. Nthawi zonse inkagona pansi pa thirakitala. Nditafunsa, ba Zulu anati mwina mlonda waiwaza nkhuni. Ndinati tidule mtengo wina, iwo anati mwini nyumba akubwera masana kudzaona khonde, nthawi yosaka mitengo palibe. Ananena anthu onse akumva kuti ngati ndatopa nditsike, akweza okha. Ndinakhala pampando n'kuliza injini.

Saidi anabwera ndi bokosi lake la zida. Anayang'ana pansi pa thirakitala pomwe pankakhala mphanda, anayang'ana anyamata omwe onse anali atapeza chochita chapafupi, kenako anayang'ana ine. Anaika bokosilo pa paleti. Ndikuganiza kuti anadziwa kuti akakana kukwera ndiye kuti wavomera mlandu. Anyamata anasanjika mtanda pa paleti, chimtengo cha mukwa cholemera moti amuna anayi anachita kubuula nacho, iye n'kukwera pambali pake. Anaimika chala, ine ndinakweza.

Ntchito yake inali yotere. Mbali imodzi ya mtanda anaikankhira pakhoma, mbali inayo inatsalira pa paleti, ndipo inayenera kukhala pomwepo mpaka ataboola ndi kumanga mabawuti onse. Iye mwendo wina unali pakhoma, wina pa paleti. Kuyambira pamenepo sindikanathanso kumutsitsa ngakhale nditafuna, chifukwa mtandawo ukanapendekeka n'kumugwera. Magetsi kunalibe, ankaboola ndi chobowolera cha pamanja, ndipo mukwa ndi mtengo wouma mtima. Mafoloko ankatsika okha monga mwa matenda ake, ine n'kukhudza liva kuti akwere, n'kuchotsa dzanja, n'kukhudzanso. Nthawi iliyonse dzanja langa likapita pa liva, mafosholo onse ankaima. Ndinkawaona m'mbali mwa diso, atayang'ana m'mwamba kukamwa kuli yasa. Ndikangokweza n'kuchotsa dzanja, ankabwerera kuntchito mokhumudwa. Dzuwa linakwera, chitsulo cha mpando chinatentha, thukuta linkalowa m'maso koma sindinkapukuta. Ndinawada anthu aja tsiku limenelo, anzanga odya nawo mbale imodzi. Ndinamudanso Saidi chifukwa cha kuchedwa kwake, ndipo mumtima ndinkati mwina ndikuvutikira munthu amene anagulitsadi mbuya wanga.

Ntchito ili pakati, ba Zulu anachokera kuchipata akuthamanga. Anakwera pachitsulo chopondera, n'kuika kamwa pakhutu langa kuti ndimve.

"Tsika, Lazalo! Kwabwela mzimai wa pafupi na kwanu. Mwana wakomoka, amuthamangitsila kuchipatala chachikulu. Tsika, nikhalepo ine!"

Mariya, mwana ameneyo unali iwe, usanayambe n'kukwawa komwe. M'mawa umenewo ndinakusiya thupi likutenthabe pang'ono monga dzulo lake, ndipo ba Zulu ankadziwa zimenezo, chifukwa ndinawauza ndekha dzulo lake kutchalitchi. Ndinawayang'ana kumaso kufuna kupeza bodza. Nkhope yawo inali ya munthu wodzidzimuka zenizeni, koma kodi wabodza amaoneka bwanji? Ndinati mayiyo abwere ndimuone. Anati mlonda wakana kumulowetsa, ndipo wabwerera kale kuti akathandize amayi ako. Chipata chinali kuseri kwa nyumba, sindikanatha kuchiona ndili pampando. Ndinaganiza zozimitsa injini n'kuthawa ndi kiyi, koma popanda mphanda mafoloko akanatsika okha, ndipo liva ija ikanagwetsa munthu ngakhale kiyi ali m'thumba mwanga. Ndinakuwa kuti wina abweretse mtengo uliwonse, palibe anasuntha. Ndipo ngakhale akanabweretsa, mtengo umachotsedwa ndi phazi limodzi.

Ndinawauza ba Zulu kuti munthu akakhala m'mwamba dalaivala sachoka pampando, ndipo lamulo limenelo analiika ndi iwo omwe. Anandigwira mkono kuti andikoke. Ndinakumbatira chiwongolero ndi dzanja lamanzere, lamanja ndinaphimba liva, n'kuwauza mawu omwe sindingalembe m'buku lowerenga adzukulu. Anatsika, n'kunena kuti mwana akafa ndidzadziwe kuti ndamupha ndine.

Sindikudziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji. Ndinkayang'ana nsapato za Saidi, chifukwa ndikayang'ana kwina ndinkaona nkhope yako. Ndinapemphera mapemphero onse omwe ndinkawadziwa, ena ndinkawayamba pakati. Mtima wina unkati ndi bodza, akufuna mpando. Mtima wina unkati nanga zikakhala zoona, udzawauza chiyani Agnesi, kuti unasankha mlendo, mwinanso kazitape, n'kusiya magazi ako? Misozi inatuluka, sindibisa, ndipo anyamata anaiona. Kumufulumizitsa Saidi sindinayese, chifukwa munthu wofulumira pamalo otero ndi amene amaponda pamphepo. Potsiriza anamanga bawuti lomaliza, anagwedeza mtanda kuti aone ngati wagwira, anabweza mwendo pa paleti, n'kutembenuza chikhatho pansi. Ndinamutsitsa pang'onopang'ono kuposa mmene ndinatsitsirapo munthu aliyense.

Atatsika anabwera pafupi ndi ine, n'kudikira kuti ndizimitse injini. Analankhula motsitsa, osayang'ana anthu ena aja.

"Achimwene, mphanda ili m'ngalande kuseri kwa khoma, aifotsera ndi udzu. Ndinaiona nditangofika m'mwamba."

Ananyamula bokosi lake n'kukakhala pamthunzi. Ine ndinasolola kiyi n'kuthamangira kumsewu.

Uthenga uja unali woona. Ndinakupeza uli pabedi, singano ili pamkono, malungo atakugwetsa mpaka kukomoka. Madokotala anati zoopsa zadutsa. Amayi ako anali atakhala pansi m'mbali mwa bedi, maso ali psuu. Anandifunsa ngati uthenga unandipeza, ndinati unandipeza. Anafunsa kuti nthawi yanji, ndinawauza zoona. Ine sindikanatha kufotokoza m'chipinda chodzaza anthu osawadziwa. Anakhala osandilankhula mpaka iwe utatuluka m'chipatala. Nkhani yonse ndinawauza patapita zaka, ndipo anangoti ndikanawauza Lamulungu lomwe lija.

Za ba Zulu mpaka lero sindidziwa. Pa za mwana sananame. Koma akanakhala pampando paja, mtima uli pa Chanda, anyamata onse akuwayang'ana, dzanja lawo likanachita chiyani? Mwina akanamugwira bwinobwino Saidi mpaka kumapeto. Ndawaganizira zimenezi nthawi zambiri, ngakhale tsiku lomwe ndinanyamula nawo bokosi lawo la maliro.

Kabulonga, mvula itatha

Kuntchito ndinasanduka wakhate. Ndikafika pomwe anthu akucheza, nkhani inkasintha kukhala ya mpira. Ndinkadya ndekha pamthunzi wa thirakitala, ndipo ndinamva kuti kumbali akunditcha dalaivala wa boma. Saidi anamaliza denga lonse osaphonya tsiku, kenako anasiya ntchito mwakachetechete n'kukatsegula kashedi kokhoma mipando kumsika. Tikakumana tinkapatsana moni, basi. Sanandithokoze, ndipo ine sindinkafuna kuthokozedwa ndi munthu yemwe ndinali ndisanaleke kumukayikira.

Chanda anatulukira mvula itatha, tikumalizitsa mpanda wa nyumba ija. Anali ataonda, tsitsi litayamba imvi, ndipo ankayenda ngati nsapato zikumuthina. Anyamata anamuzungulira, ba Zulu anamukumbatira, aliyense akufuna kumuuza mmene anamuthamangitsira Saidi. Iye ankangomwetulira. Za komwe anali sananene, ndipo sitinamufunse. Bwana anamubwezera ntchito poti wopenta wabwino anali wosowa. Masana anabwera kudzakhala nane pamthunzi wa thirakitala, ine mtima unachita kuti myaa, ndinati mbuya wanga yekha ndiye sananditaye. Ndinamufunsa ngati kumeneko ankawapatsa anyani. Sanaseke. Anatola kamtengo n'kumakanda pansi.

"Mbuya, za pa mafoloko sibananifunse olo kamodzi. Bananifunsa zamene n'nakamba kunyumba kwako, tsiku ya ubatizo wa mwana. Mawu yonse, monga mwamene n'nakambila."

Ndinakumbukira tsikulo. Linali Lamulungu, patangotsala pang'ono kuti amutenge. Tinali m'chipinda chochezera cha nyumba yathu ya ku Kabwata, chitseko chili chotseka chifukwa cha fumbi, Chanda atakhuta mowa wa masese, akutiseketsa ndi nkhani za mizere ya unga ndi mimba za atsogoleri. Saidi sindinamuitane n'komwe. Munali ba Zulu ndi akazi awo, amene anakunyamula pokubatiza, Mariya. Munali mlamu wanga, akuluakulu angapo a mpingo, amayi anu, ndi ine mwini nyumba. Onsewo ndinapitiriza kupemphera nawo, kudya nawo maukwati ndi kuika nawo maliro, ndipo mpaka lero sindidziwa kuti anali ndani. Kwa Saidi palibe anapita kukapepesa. Ine ndinapita kamodzi, ndinaima pakhomo pa shedi yake, koma m'malo mopepesa ndinagula kampando komwe sindinkakafuna.

Pamthunzi paja ndinamuuza Chanda kuti si ine. Ndinalumbira pa dzina la mwana wanga. Iye anagwedeza mutu, anandigwira paphewa n'kunena kuti akudziwa, ndisadandaule.

M'mawa mwake ndinaliza injini, ndinamangirira paleti, ndinaika mphanda pafupi, kuti ndimukweze akapente pamwamba pa khonde. Ndinamupeza kuseri akukhoma makwerero ndi matabwa otsala, misomali yake yochita kuwongola. Ndinagwira naye ntchito zaka zambiri pambuyo pake, ku Woodlands, ku Northmead, mpaka m'tauni. Ankanditchabe mbuya, ndipo nthawi zina ankafunsako za mbewa. Koma pa mafoloko anga sanapondeponso.